Ndinakhalapo kundende, kodi unamwino ndiuiwale?

Adimini: Mwadzuka bwanji nonse. Uthenga uwu wandipeza usiku wathawu ndipo mwini wake wapempha kuti dzina lisatchulidwe. Mayankho ake azidutsira kwa ine. Tiyankhe mwaulemu, wotukwana ndimuchotsa pagulu pano osamufunsa.

Mwini nkhani: Zikomo a Adimini. Ndine mayi wa zaka 28, ndimakhala ku Bangwe ndi mayi anga komanso mwana wanga mmodzi. Mu 2018 ndinkagwira ntchito pa kauntala mu shopu ina ya zitsulo ku Limbe. Ndinatenga ndalama za abwana zokwana K340,000, pang'onopang'ono kwa miyezi itatu. Sanandinamizire ayi, ndinatengadi. Mchimwene wanga ankadwala nthawi imeneyo, koma sindikufuna kubisala kuseri kwa matenda ake chifukwa ndalama zina ndinagulira foni ndi zovala. Kukhoti ndinavomera mlandu tsiku loyamba lomwelo. Anandipatsa miyezi 15, ndinakhalako miyezi 10 n'kutuluka.

M'chipinda mwathu munali mayi wina wachikulire wodwala shuga, ali ndi bala kuphazi losapola. Anzathu ankamutalikira chifukwa cha fungo. Ine ndinayamba kumutsuka ndi madzi a mchere m'mawa ndi madzulo, kumuchapira nsalu zomangira balalo, kumugwira mkono popita ku kachipatala. Namwino wa pamenepo ataona, anandiphunzitsa kutsuka bala kuchokera pakati kupita m'mbali, komanso kusamba m'manja ndisanakhudze munthu. Kuyambira pamenepo mtima wanga suchoka pa ntchito imeneyi.

Nditatuluka ndinabwerera kusukulu ya madzulo. Mu 2022 ndinalemba MSCE n'kupeza mapointi 19, ndili ndi makirediti mu Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Ndimagulitsa kaunjika ndi mandasi, ndasungako kangachepe, ndipo malume anga ku Chikwawa akuti agulitsa ng'ombe ziwiri kuti tilipire fizi ya chaka choyamba. Chomwe chikundisowetsa tulo n'chakuti tingagulitse ng'ombe za eni ake, ndiphunzire zaka zitatu, kumapeto andiuze kuti munthu woti anamangidwapo sapatsidwa layisensi. Amene mukudziwa ndithandizeni. Musandinyengerere, ndiuzeni zoona.

Nachisale wa ku Mchesi: Achemwali, kungoulula kokhaku mwalimba mtima. Mulungu akutsogolereni.

Mjomba wa ku Mangochi: Mapointi 19 pa sukulu ya madzulo, mukugulitsa mandasi? Mutu ulipo. Musafooke.

Kadaulo 265: Inu mukudzivutitsa nokha. Ingokhalani chete, adziwa ndani? Mafayilo a kukhoti amangounjikana m'makatoni, palibe amene adzapite kukafufuza za 2018. Pa fomu akafunsa chongani kuti ayi basi. Kapena lembetsani dzina la kuchimuna ngati munakwatiwa.

Sisita wopuma ntchito: A Kadaulo, malangizo amenewo ndi amene angamuphere tsogolo mwanayu. Ndagwira unamwino zaka zoposa 30, ndipo zaka zomalizira ndinkaphunzitsa pa koleji ina ya mishoni. Mwana wanga, khala pansi ndikufotokozere bwinobwino.

Pa njira imeneyi pali zipata zitatu, ndipo kudutsa chimodzi sikutanthauza kuti chinacho chatseguka. Choyamba ndi koleji. Kaya ndi KUHeS, imene inapangidwa mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, kaya Mzuni, kaya Malawi College of Health Sciences, kaya makoleji a mishoni a pansi pa bungwe la CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni, Nguludi, Malamulo, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa ndi Holy Family ku Phalombe, aliyense ali ndi malamulo ake a kalembedwe ka ophunzira. Chachiwiri, chomwe chili chachikulu, ndi Nurses and Midwives Council of Malawi ku Lilongwe. Bungweli limagwira ntchito motsatira lamulo la anamwino ndi azamba la 1995. Ndi limene limalemba wophunzira aliyense m'kaundula akangoyamba sukulu, ndi limene limalembetsa mayeso a layisensi, ndipo ndi limene lili ndi mphamvu zolanga namwino kapena kumufufuta m'kaundula. Koleji ikhoza kukulandira n'kudya fizi yako, koma siingakupatse layisensi. Chachitatu ndi wokulemba ntchito, boma kapena mishoni kapena chipatala choyima pachokha.

Ndiye usanagulitse ngakhale nkhuku, lembera kalata mkulu wa khonsolo, amene timati Registrar. Fotokoza mlandu, chaka, khoti, chilango, ndi zimene wachita chitulukireni. Funsa mwachindunji ngati angakulembe m'kaundula wa ophunzira ndiponso ngati angadzakulole kulemba mayeso a layisensi. Pempha yankho lolemba, osati la pafoni kapena la munthu wa pa geti. Safunsa anadya phula.

Za kubisa ndinaziona ndi maso angawa. Tinali ndi mtsikana wanzeru kwambiri, ali chaka chachitatu, watsala pang'ono kumaliza. Tsiku lina ali pa pulakitiko mu wodi ya amayi, gadiyani wina anamuzindikira n'kukauza sisita woyang'anira wodiyo kuti uyu anatibera kwathu, anamangidwapo. Titakhala pansi ngati aphunzitsi, mlandu wakalewo tonse tinali okonzeka kuumvetsa. Chomwe chinamugwetsa ndi fomu imene anasainira yekha polowa, pamene analemba kuti sanapezekepo wolakwa kukhoti. Tinadzifunsa kuti ngati ananama pa pepala ili, pa tchati cha wodwala adzalemba zoona? Ndimamukumbukirabe mwana ameneyo ndipo mtima umandiwawa mpaka lero.

Kadaulo 265: Amayi, koma akaulula n'kumukana? Si ndiye wadzitsekera yekha?

Sisita wopuma ntchito: Akamukana lero, ng'ombe za malume ake zikhala zili m'khola. Akabisa, akhala zaka zonse akuyang'ana kukhomo la wodi kuti kulowa ndani. Malawi ndi wamng'ono bambo. Munthu wa ku Limbe amagonekedwa ku Nguludi, amagonekedwa ku Queens, amapezeka ku Nkhoma kukaona m'bale wake.

Wa zamalamulo ku Zomba: Ndiwonjezereko pa mawu a Sisita. Ndagwira ntchito yothandiza anthu a pa limandi kwa zaka zingapo. Dzina mukhoza kusintha, koma zala sizisintha. Pomwe munamangidwa anakudindani zala, ndipo polisi lipoti imene olemba ntchito ambiri amafuna imatuluka potsatira zidindo zimenezo ku likulu la polisi ku Area 30. Komanso kulemba zabodza pa chikalata kuti mupeze malo kapena ntchito kukhoza kukubalirani mlandu watsopano. Paja mlandu suwola. Wakalewo munaulipira kale ndi miyezi yanu, musadzipangire wina.

Chomwe ndingakulangizeni, pitani kwa kalaliki wa khoti limene linakuzengani mukapemphe kope ya chigamulo. Mlandu wanu, malinga ndi mmene mwafotokozera, ndi wobera abwana, gawo 286 la malamulo a milandu. Chigamulocho chionetsa kuti munavomera nokha komanso kuti kanali koyamba, ndipo zimenezo ndi zokuthandizani. Mufunsenso ngati fayilo inapita ku High Court. Zilango zina zimene majisitireti amapereka zimayenera kukatsimikizidwa ndi jaji, ndipo nthawi zina jaji amachepetsa mwini wake osadziwa n'komwe chifukwa anatuluka kale. Miyezi 10 imene munakhalayo ndi chifukwa cha gawo limodzi mwa atatu limene amachotsera mkaidi wa khalidwe labwino, koma pa pepala chilango chimawerengedwabe 15 pokhapokha jaji atasintha. Mukavutika kupeza fayilo, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi ku Blantyre, ndipo thandizo lawo ndi la anthu osatha kulipira loya.

Bambo a Chiku: Ine mundikhululukire, ndilankhula zosiyana ndi anzanga. Mayi anga anamwalira pa chipatala china cha boma atatiuza kuti mankhwala atha, tikagule ku famase. Tinathamanga usiku kufunafuna ndalama, pobwera mayi atatsirizika. Patapita miyezi iwiri ndinaona mankhwala olembedwa kuti ndi a boma akugulitsidwa mu kagolosale ka kwathu komweko. Amaba ndani? Si anthu ovala yunifolomu omwewo? Ndiye lero tikulimbikitsa munthu amene wavomera yekha kuti anabera abwana ake kwa miyezi itatu, osati kamodzi mwangozi, kuti akagwire makiyi a mankhwala? Ntchito zilipo zambiri, asoke, achite bizinesi, Mulungu amudalitsa. Koma pa moyo wa anthu ayi.

Nachisale wa ku Mchesi: Bambo inu, ndiye munthu akalakwa kamodzi afe nazo? Amene anaba mankhwala a mayi anuwo anali atamangidwapo? Ambiri mwa iwo polisi lipoti yawo ndi yoyera mbee.

Bambo a Chiku: Zoona, koma uyu tikumudziwa kale. Enawo sitinkawadziwa.

Sisita wopuma ntchito: Nachisale, asiyeni bambowa alankhule, ululu wawo ndi weniweni ndipo funso lawo ndi lomwe anthu a pa intavyu adzafunse. Ndisakubise mwana wanga, pa milandu yonse, wa kusakhulupirika ndi umodzi mwa imene imalemera kwambiri pa unamwino, pamodzi ndi yochitira nkhanza ana kapena anthu osatha kudziteteza, yogwiririra, ndi ya mankhwala ozunguza bongo. Munthu amene anamenyana ndi mnzake pa mowa ali ndi zaka 20, nkhani yake ndi yopepukirapo kusiyana ndi yako.

Chifukwa chake n'chiyani? Usiku mu wodi umatha kutsala wekha. Makiyi a kabati ya DDA, mmene timasungamo mankhwala amphamvu oletsa ululu monga pethidine ndi morphine, ali m'thumba mwako. Jakisoni aliyense wotuluka mmenemo umamulemba m'buku, dzina la wodwala, nthawi, mlingo, ndipo posinthana ndi mnzako m'mawa mumawerengera limodzi zotsala. Wodwala wobwera atakomoka pa ngozi amabwera ndi foni ndi ndalama m'thumba, mboni palibe. Agogo amakupatsa kansalu komanga mfundo kuti sunga ndikupita ku fiyeta. Ndipo pali kuba kwina kosaoneka, kulemba kuti wodwala wamupatsa mankhwala a 2 koloko usiku pomwe unagona. Ntchito yonseyi yaima pa mawu ako. Ndiye a bambo a Chiku sakulakwa kuopa. Pomwe ndikusiyana nawo ndi pakuti ndagwirapo ndi anamwino oti anagwapo m'moyo n'kudzuka, ndipo ena mwa iwo ndi amene ndinkawasiyira makiyi mtima uli m'malo, chifukwa ankadziwa mtengo wa kutaya dzina.

Mwini nkhani: Bambo a Chiku, pepani kwambiri za mayi. Sindikutsutsani. Nanenso nditakhala inu ndikanaopa. Ndikufunseni ngati mwana wanu, n'chiyani chimene munthu ngati ine angachite kuti inuyo mudzalole kuti ndikhudze wodwala wanu? Ngati palibe, nenani kuti palibe, ndimva.

Bambo a Chiku: Ndalama munabazo munabweza?

Mwini nkhani: Ayi. Khoti silinanene zobweza, ndipo chitulukireni sindinadutsepo pa shopu imeneyo. Ndikafika ku Limbe ndimazungulira msewu wina.

Bambo a Chiku: Ndiye yambirani pamenepo. Ndende inali ya boma, mwini ndalama sanalandire kanthu. Mukuti mwasunga ndalama za fizi pomwe za mwini wake simunabweze. Mukadzabweza mudzabwere mudzandifunsenso.

Mjomba wa ku Mangochi: Apa bambowa alasa.

Nesi ku Leeds: Moni kuchokera kuno kozizira ku UK. Ndalowa mochedwa, ndinali pa naiti. Ndikufuna ndinene za kunja chifukwa ndikudziwa kuti ambiri amene akuyamba unamwino masiku ano maso ali kuno, ndipo mchemwali wathuyu adziwiretu.

Kuno kuti ugwire ntchito uyenera kulembetsa ku Nursing and Midwifery Council. Kupatula mayeso a Chingerezi, IELTS kapena OET, ndi mayeso awo awiri a unamwino, CBT a pakompyuta ndi OSCE osonyeza luso la ntchito, amafuna unene za khalidwe lako, kuphatikizapo milandu imene unapezeka nayo wolakwa kulikonse, ndipo amafuna umboni wa apolisi. Nkhani iliyonse amaiunika payokha. Polowa ntchito pali DBS, kufufuza kwa mbiri ya milandu, ndipo ya anamwino ndi yozama kwambiri. Dziko lino lili ndi lamulo la 1974 loti milandu ina ikapita nthawi munthu asamaitchulenso pofuna ntchito, koma unamwino uli m'gulu la ntchito zimene lamulolo silikutchinjiriza mokwanira.

Koma mwala waukulu ndi viza. Wobwera kudzagwira ntchito ya zaumoyo amapereka chikalata cha apolisi cha dziko lililonse limene wakhalamo miyezi 12 kapena kuposera m'zaka 10 zapitazi. Ndipo malamulo awo olowera m'dziko amati munthu amene anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 12 kapena kuposera, kaya kuno kaya kunja, akanidwe. Amawerenga zimene khoti linagamula, osati zimene unakhala. Ndiye ngati pepala likunena 15, khomo la kuno ndi lotseka, achemwali. Ndanena izi kuti wina asadzakudyereni ndalama kuti akukonzerani mapepala. Anthu otere alipo ndipo amasaka anthu osowa pogwira.

Mlongo wa ku Joni: Kuno ku South Africa kuli njira yofufutitsa mlandu pakapita zaka 10, umapempha ku unduna wa zachilungamo. Koma ndi ya milandu yaing'ono, monga ija munthu anangolipira chindapusa chosapitirira R20,000, ndiponso ndi ya milandu yozengedwa konkuno. Wa ku Limbe sangaufufute a ku Pretoria. Ndanena chifukwa pali Amalawi ena amene amanamizana za zimenezi m'magulu.

Mwini nkhani: Zikomo asisi nonse awiri. Zakunjazo sindinaziganizepo n'komwe. Maloto anga ndi kachipatala kakang'ono kwathu ku Chikwawa, kumene mayi woyembekezera amayenda pa njinga ya kabaza mtunda wautali kuti apeze mzamba.

Mnyamata wa ku Chilomoni: Pepani kulowerera nkhani ya achemwaliwa, koma yanga ikufananako. Ine anandigwira ndi chamba ndili ndi zaka 15, ndinakhala kumalo owongolera ana ku Mpemba chaka chimodzi. Pano ndili ndi zaka 23, ndikufuna kufunsira dipuloma ya unamwino ndi uzamba. Ndiye ndilembe kuti ndinamangidwapo? Komanso chamba pano si anachiloleza?

Wa zamalamulo ku Zomba: Achimwene, tiyambe ndi chamba. Lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa amene ali ndi layisensi. Chosuta sichinaloledwe, ukapezeka nacho ndi mlandu mpaka lero.

Koma nkhani yanu ndi yosiyana ndi ya mchemwali wathuyu chifukwa munali mwana. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati pa mlandu wa mwana khoti lisagwiritse ntchito mawu oti wapezeka wolakwa kapena wagamulidwa chilango ngati mmene zimakhalira ndi akuluakulu. Limangonena kuti mwanayo ndi amene anachita, n'kulamula zomuwongola. N'chifukwa chake munapita ku Mpemba osati ku Chichiri. Poyamba lamulolo linkatenga mwana kukhala wosakwana zaka 16, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana akhale wosakwana 18. Inu pa zaka 15 munali mwana mbali zonse. Chomwe muchite, katengeni polisi lipoti yanu muone nokha zimene yalemba musanadzaze fomu iliyonse, ndipo muwerenge funso la pa fomu mawu ndi mawu. Kumangidwa, kuzengedwa mlandu, ndi kupezeka wolakwa ndi zinthu zitatu zosiyana. Funso likakusokonezani, pitani nalo ku Legal Aid pamodzi ndi mapepala anu a khoti la ana.

Mayi a Tadala: Nanga mwana wa mchemwali wanga anamugwira vakabu akuchokera ku ganyu usiku, analipira chindapusa. Nayenso akufuna za chipatala zomwezi.

Wa zamalamulo ku Zomba: Amayi, mu January 2017 High Court inagamula pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anagwidwa m'bandakucha akupita ku Limbe, kuti gawo 184(1)(c) limene apolisi ankagwirira anthu vakabu ndi losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Ngati mwanayo anamugamulira pa gawo limenelo, apite ndi risiti ya chindapusa ndi nambala ya mlandu kwa a zamalamulo amuthandize kulemba. Ndipo akamafotokoza kwa a koleji atchule chigamulo chimenecho. Nkhani yake ndi yopepuka kwambiri poyerekeza ndi zina zili pano.

Msilikali wa ndende wopuma: Ndangowerenga zonse mwakachetechete. Ine ndagwira ku Maula ndi ku Zomba. Ndaona akaidi akulemba MSCE ali mkati n'kukhoza bwino kuposa ana a kunja, akaidi anzawo ndi amene akuwaphunzitsa. Vuto limadzakhala kunja, munthu watuluka ndi satifiketi koma aliyense akumutsekera chitseko, pakutha chaka wabwerera mkati. Mwana wanga, kalembereni oyang'anira ndende imene munali mupemphe kalata yonena za khalidwe lanu. Ngati munachotseredwa miyezi isanu yonse ndiye kuti simunapalamule mkatimo, ndipo zimenezo zinalembedwa. Namwino amene anakuphunzitsani kumanga bala uja mufufuzeni. Mawu a namwino mnzawo a khonsolo angawamve kuposa a wina aliyense.

Sisita wopuma ntchito: A bwana anena zoona. Ndipo ndibwerere pa mawu a bambo a Chiku, chifukwa usiku wonse ndakhala ndikuwaganizira. Makalata a abusa ndawawerenga ambiri pa ma intavyu, onse amafanana, munthu aliyense ndi wa khalidwe labwino ndi wokonda mapemphero. Koma pepala losainidwa ndi munthu amene unamubera, lonena kuti wabweza, sindinalionepo kawiri. Limenelo lingaimitse aliyense pa tebulo. Ukaipa dziwa nyimbo, mwana wanga. Anzako adzabwera ndi mapointi okha, iwe uyenera kubwera ndi zambiri.

Pa kalatayo usadzilirire, usatchule za satana kapena anzako oipa. Lemba mmene walembera pano, kuti ndinatenga, zinali zolakwika, ndinalangidwa, ndachita izi ndi izi. Tsamba limodzi lakwana. Ndipo podikira yankho, pita ku gulu losamalira odwala m'makomo la ku tchalitchi kwanu kapena m'dera lanu, ukadzipereke. Kutembenuza wodwala wa sitiroko kuti asatuluke zilonda za pabedi, kumusambitsa, kumudyetsa phala osamutsamwitsa. Ukachita chaka chathunthu udzadziwanso wekha ngati ntchitoyi ukuifunadi, chifukwa bala limodzi la kundende ndi losiyana ndi wodi yodzaza mpaka pansi nyengo ya malungo.

Wa zamalamulo ku Zomba: Pa zobwezazo, musapite nokha. Tengani wamkulu wa kubanja ndi mboni ina, mfumu ya m'dera kapena mkulu wa mpingo. Ndalama iliyonse yoperekedwa ilembedwe, tsiku, kuchuluka kwake, ndi siginecha za mbali zonse. Mudziwenso kuti mwini shopu sakukakamizidwa kukukhululukirani kapena kukulemberani kalata. Akakana kukuonani musakakamire pakhomo pake, tumizani akuluakuluwo.

Kadaulo 265: Ine ndimaona ngati mukumuchulukitsira ntchito munthu wosauka kale. Anzake oba mamiliyoni m'boma akuyenda pa galimoto.

Nachisale wa ku Mchesi: Iwowo sakufuna kukagwira mwana wanu akudwala, a Kadaulo. Uyu akufuna.

Adimini: Papita masabata atatu. Mwini nkhani uja watumiza uthenga uwu.

Mwini nkhani: Moni nonse. Ndabwera kudzakuuzani pomwe ndafika.

Kukhoti ndinapita katatu, ulendo wachitatu fayilo inapezeka. Inapitadi ku High Court koma jaji anatsimikiza miyezi 15 yomweyo. Kope ya chigamulo ndili nayo. Ndinaiwerenga ndili pa benchi panja, koyamba kuona zochita zanga zitalembedwa ndi taipi, ndipo ndinalira. Zala ndadinditsa, polisi lipoti ndikudikira.

Ku shopu ndinapita ndi malume ndi mayi wina wamkulu wa kumpingo. Tsiku loyamba abwana anangondiyang'ana n'kulowa mkati, anatuma mnyamata kuti atiuze kuti alibe nthawi. Malume anabwererako okha patapita masiku awiri, anakambirana. Ulendo wachitatu anatilola kukhala pansi. Ananena zambiri, zina zowawa, kuti ankanditenga ngati mwana wawo, kuti chifukwa cha ine anachotsa mtsikana wina amene ankamuganizira poyamba. Zimenezo sindinkazidziwa ndipo zandipweteka kuposa ndende. Kenako anati K340,000 ya 2018 si ya lero, kwacha inagwa mu 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti imene ankaoda nthawi imeneyo pano mtengo wake ndi wina. Sindinatsutse. Tagwirizana K700,000. Ndapereka K250,000 imene ndinasunga, asainira, yotsalayo ndizipereka mwezi ndi mwezi. Za kalata ati tidzakambirana ndikamaliza. Ndawafunsanso kumene kuli mtsikana anachotsedwa uja, ati anamva kuti ali ku Lunzu. Ndikufuna ndikamupeze.

Ndiye chaka chino sindifunsira malo, ndalama zapita kumeneko, ndipo ng'ombe ndawauza malume kuti zikhale kaye. Kalata ya ku khonsolo ndalemba koma sindinatumize, ndikupempha Sisita aiwerenge kaye ngati angalole. Loweruka lapitali ndayamba kuyenda ndi amayi osamalira odwala kuno ku Bangwe, andipatsa agogo ena a sitiroko oti ndiziwaona katatu pa sabata.

Bambo a Chiku: Ndawerenga. Sindinasinthe maganizo onse, koma sindinkayembekezera kuti mupitadi. Mapepala osainidwawo muwajambulitse, ena musunge kwa malume anu. Mtsikana wa ku Lunzuyo mukamupeze ndithu, ameneyo ndiye analangidwa popanda mlandu.

Mnyamata wa ku Chilomoni: Achemwali mwandilimbitsa mtima, nanenso Lolemba ndikukadinditsa zala.

Sisita wopuma ntchito: Tumiza kalatayo kwa a Adimini andipatsira, ndiiwerenga usiku uno. Yankho la khonsolo likhoza kuchedwa, ukatumiza usunge kope ndi tsiku, pakatha mwezi ukafunse. Agogo a sitirokowo uziwatembenuza maola awiri aliwonse ukakhalapo, uphunzitsenso a pabanjapo, ndipo uziyang'ana zidendene ndi m'chiuno ngati khungu layamba kusintha mtundu. Powadyetsa akhale tsonga, osati chogona. Ndili ndi mabuku anga awiri akale, lina la kapangidwe ka thupi la munthu, lina la chiyambi cha unamwino. Masamba ena anathothoka koma akuwerengeka. Ndiwatumiza Lachisanu pa basi ya m'mawa, ukawalandire ku Wenela.